Zitsulo Zobisika Pagombe la Bua: Mbiri ya Kutayika ndi Kufufuzidwa Kwake

Mtsinje wa Bua umayambira m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Umadutsa m'madambo a chigawo chapakati, n'kutsetsereka m'mapiri a nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, kenako umathira m'nyanja ya Malawi kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Pamathiriro akewo pali minda ya mpunga, mabango ndi gombe lamchenga. Dzinja lililonse mtsinjewu umabwera ndi matope a kumtunda n'kuwayala pagombe, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mwera umakokolola mchenga pano n'kukauunjika apo. Chinthu cholemera chikagwa pamalo otere sichikhalitsa poonekera. Mafunde amakumba mchenga pansi pake pang'onopang'ono, chinthucho n'kumamira mpaka chitafika pa dothi lolimba kapena pa miyala.

Nayo nyanja siikhala pamodzimodzi. Chaka chilichonse madzi amakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi, ndipo pakapita zaka zambiri kusinthako kumakula. Cha m'ma 1915 nyanja inaphwa kwambiri moti mtsinje wa Shire unaleka kutulutsa madzi mpaka cha m'ma 1935. Mu 1980 inadzaza zedi, ndipo mu 2024 inakweranso n'kumiza nyumba ndi minda m'magombe ambiri. Akuluakulu sananame kuti madzi saiwala khwawa. Pamene panali mudzi kapena doko zaka 150 zapitazo, lero pakhoza kukhala pansi pa madzi, kapena kutali kumtunda pakati pa chinangwa. N'chifukwa chake gombe la pakati pa Bua ndi Nkhotakota lasunga zitsulo za mibadwo yosiyanasiyana, ndipo mbiri ya kuzifufuza siingamveke popanda kudziwa kuti zinafikapo bwanji.

Nthawi ya ng'anjo

Anthu odziwa kusungunula chitsulo anakhazikika m'mbali mwa nyanja ya Malawi zaka zoposa 1,600 zapitazo. Umboni wake ndi mapale, zotsalira za m'ng'anjo ndi tizitsulo timene akatswiri ofukula zakale anapeza ku Nkope m'boma la Mangochi ndi m'malo ena. Keith Robinson, yemwe anafukula ku Nkope, anayenderanso gombe la Nkhotakota ndi madera oyandikana nalo, ndipo lipoti lake linasindikizidwa ndi nthambi ya boma yoona zinthu zakale mu 1979.

Osula ankaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, n'kuthiramo makala ndi miyala ya mtapo mosanjikiza. Moto ukayaka kwa nthawi yaitali, pansi pankatsala chibuma cha chitsulo chosakanikirana ndi zinyalala. Ankapita nacho kuchipala, kumene mvukuto ndi nyundo zinkachisandutsa makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, malezala ndi mbedza. Khasu silinali lolimira lokha: linkagwiranso ntchito ya ndalama posinthanitsa katundu ndi popereka msonkho kwa mafumu. M'dera la Kasungu, kumtunda kwa Bua, ng'anjo zazitali zinapitiriza kufuka mpaka cha m'ma 1930, pamene makasu a m'sitolo ndi zitsulo zakutha zochokera kunja zinathetsa lusoli. David Killick anafufuza ng'anjo za kumeneko m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi madoda omwe ankakumbukirabe ntchitoyo.

Mkuwa unali wa anthu opata. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula zinthu zamkuwa, mikanda yagalasi, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale za ku China. Zitsulo ziwirizi zimakalamba mosiyana zikakwiririka. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri mumchenga wachinyezi mpaka kusanduka chibuma chosazindikirika, pomwe mkuwa umangobiriwira kunja, mkati muli gwa.

Nthawi ya a Jumbe

Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, wamalonda wochokera kugombe la nyanja ya mchere, anakhazikika ku Nkhotakota m'dziko la mfumu Malengachanzi. Iye ndi omwe anamulowa m'malo ankadziwika ndi dzina loti Jumbe. Malowa anawasankha chifukwa cha mchenga wotalika wa Sungu, umene umatchinga mafunde n'kupanga doko labata. Kuchokera pamenepa zombo zinkawoloka kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira.

Zombozo zinkabwera ndi nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mfuti za gogodela ndi onga. Pobwerera zinkanyamula minyanga ya njovu, mkuwa wa ku Katanga ndi anthu ogwidwa ukapolo. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja ino ankadutsa pachilumbacho chaka chilichonse. Mu Seputembala 1863 Livingstone anafika ku Nkhotakota, nakhala pansi pa mtengo waukulu wa mkuyu, ndipo anapeza amalondawo akukhoma chombo chatsopano cholowa m'malo mwa china chomwe chinasweka panyanja.

Malonda amenewa anasiya zitsulo zamtundu wina pagombe: misomali ya zombo, maunyolo, zipolopolo zamtovu, zidutswa za mfuti ndi zibangili. Goli lomwe ankamangira akapolo m'khosi linali la mtengo, koma pakamwa pake ankatsekapo ndi kachitsulo. Mtengowo unaola kalekale. Chomwe chingatsale mumchenga ndi kachitsuloko. Mu 1889 Jumbe Tawakali Sudi anasainirana pangano ndi nthumwi ya Britain, Harry Johnston, ndipo pofika 1895 ulamuliro wa a Jumbe unali utatha, womaliza wawo atatumizidwa ku Zanzibar.

Sitima ndi makobiri

Sitima yoyamba yoyendera nthunzi, Ilala, inalowa m'nyanjayi mu Okutobala 1875. Kuyambira pamenepo chitsulo chinayamba kuyandama panyanja, ndipo china chinamira. Pa 2 Seputembala 1895, boti lachitsulo lomwe Bishopu Chauncy Maples anakwera linagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Salima. Thupi lake linaikidwa ku Nkhotakota, pa mishoni ya Anglican imene inali itangotsegulidwa mu 1894. Mu Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Liuli kutsidya la nyanja. Ngozi yaikulu kuposa zonse inachitika pa 30 Julaye 1946, pamene sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba n'kupha anthu 145. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 kumpoto, choncho zambiri zomira pakati sizifikirika ndi munthu wosambira.

Zomwe zili pafupi ndi za tsiku ndi tsiku. Pamene anthu ankakwerera maboti opita kusitima, pochapira ndi pogulitsira nsomba, pankagwa ndalama zachitsulo: tiki, sikisi, shileni, ndiponso makobiri obowola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Matambala anayamba mu 1971. Pamwamba pa zonsezi pali zitsekerero za mabotolo, zitini, mabatire a tochi, mbedza ndi mawaya, zomwe ndi zochuluka kuposa china chilichonse.

Kufufuza kusanabwere makina

Asodzi ndiwo anali ofufuza oyamba, ndipo njira zawo zikadalipo. Nangula akakodwa pamwala kapena khoka likakola chitsa, mnyamata wodziwa kumira amatsetsereka ndi chingwe kukamasula. Chinthu chikagwera m'madzi ofika m'chiuno, amachisaka ndi mapazi, kupondaponda mumchenga mpaka chala chitakhudza cholimba. Pakuya amakoka mbedza yaikulu kapena waya wopinda, monga amachitira povuula ndowa m'chitsime. Mawailesi atachuluka kunabwera njira ina: kumangirira maginito a sipika yakutha kuchingwe n'kumawakoka pansi.

Njira zonsezi zili ndi malire ake. Maso saona m'madzi a matope a pamathiriro a Bua m'dzinja, phazi limangomva zapamwamba, ndipo maginito amakoka chitsulo wamba chokha. Sagwira mkuwa, mtovu, siliva kapena golide. Mpata umenewu ndi umene makina ofufuzira zitsulo, omwe ambiri amangoti ditekita, anadzatseka.

Kumene makina anachokera

Pa 2 Julaye 1881 pulezidenti wa America, James Garfield, anaomberedwa, ndipo madokotala analephera kupeza chipolopolo m'thupi mwake. Alexander Graham Bell, yemwe anatchuka ndi telefoni, anapanga chipangizo cha makoyilo a waya ndi chomvera kukhutu kuti achisake. Sichinathandize. Bedi lomwe wodwalayo anagonapo linali ndi masipuling'i achitsulo, komanso dokotala wamkulu analola kufufuza mbali imodzi yokha ya thupi, pomwe chipolopolo chinali mbali inayo. Garfield anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho. Vuto lomwe Bell anakumana nalo likadalipo mpaka lero: makina amalirira chitsulo chilichonse chomwe chili pafupi, osati chokhacho chimene munthu akufuna.

Mu 1937 Gerhard Fisher, Mjeremani wokhala ku California, analandira chiphaso cha umwini wa ditekita yonyamulika. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inafulumizitsa zinthu. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga makina osakira mabomba okwirira, ndipo anagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya El Alamein ku Egypt mu 1942. Makina a nthawiyo anali olemera chifukwa cha mavavu ndi mabatire akuluakulu. Matiranzisita atafala m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ditekita inapepuka n'kutsika mtengo, ndipo Charles Garrett anayambitsa kampani yake ku Texas mu 1964. M'zaka zomwezo, ku Oxford, Eric Foster ndi anzake anapititsa patsogolo mtundu umene pambuyo pake unakhala wodalirika pansi pa madzi.

M'chigawo chino makinawa anadziwika kwambiri chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992 n'kusiya mabomba okwirira m'minda ndi m'njira, kuphatikizapo m'chigawo cha Tete. Ntchito yowazula inatenga zaka zoposa 20, ndipo dzikolo linalengeza kuti yatha mu Seputembala 2015. Amalawi ambiri anayamba kuona ditekita pazipata za bwalo la ndege ndi za mabwalo a mpira, ili m'manja mwa mlonda. Chidwi chinakula m'zaka zaposachedwa pamene anthu anachuluka m'mitsinje kusefa golide, ngakhale kuti golide wa fumbi amene amatsala m'beseni makinawa samumva.

Mmene amagwirira ntchito

Maziko ake ndi zimene Michael Faraday anapeza mu 1831: mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi chitsulo, m'chitsulocho mumayenda magetsi. Kumapeto kwa ndodo ya ditekita kumakhala koyilo, yomwe ndi waya wa kopa wokulungidwa mozungulira kambirimbiri. Magetsi akamadutsamo mosinthasintha, koyiloyo imatumiza mphamvu ya maginito mumchenga. Mphamvuyo ikakumana ndi kobiri kapena msomali, timagetsi timazungulira m'chitsulocho, nacho n'kubweza mphamvu yakeyake yofooka. Ntchito ya makina ndi kumva mphamvu yofookayo n'kuisandutsa kulira.

Pali mitundu itatu yodziwika. Wosavuta kupanga ndi BFO. Uli ndi magawo awiri onjenjemeretsa magetsi pa liwiro loyandikana, ndipo chitsulo chikayandikira koyilo liwiro la gawo limodzi limasuntha, kulira n'kusintha. Sufika patali, ndipo kutentha kwa dzuwa kapena kungonyowa kwa koyilo kumausokoneza.

Wachiwiri ndi VLF, umene uli m'makina ambiri ogulitsidwa. Uli ndi makoyilo awiri, ina yotumiza ina yolandira, ndipo umagwira ntchito pa liwiro la pakati pa 3,000 ndi 30,000 pa sekondi. Umatha kusiyanitsa msomali ndi mphete. Koma makoyilo awiriwo amafunika kulinganizidwa mosamala kwambiri, chinthu chovuta kuchita pamanja, ndipo madzi a mchere ndi mchenga wa mtapo zimaupusitsa.

Wachitatu ndi PI, mtundu uja wa Eric Foster ndi anzake. Umatumiza magetsi amphamvu m'koyilo imodzi kwa kanthawi kochepetsetsa, n'kuwadula mwadzidzidzi, kenako n'kumvetsera, ngati munthu wokuwa m'phiri amene amakhala chete kudikira mawu ake kuti abwerere. Zimenezi zimachitika maulendo 100 kapena kuposerapo pa sekondi. Yankho la madzi ndi mchenga limazilala msanga, pomwe la chitsulo limachedwerako, ndipo makina amadikira kuti loyambalo lithe asanamvetsere. N'chifukwa chake mtundu uwu ndiwo amaukonda osambira pansi pa madzi ndi opanga okha. Kuipa kwake n'koti umadya batire ndipo susiyanitsa bwino zitsulo: mwini wake amakumba chitsekerero chilichonse.

Kupanga pamanja

Zithunzi za kalumikizidwe ka ditekita zinayamba kufalitsidwa m'magazini a okonda zamagetsi, ndipo lero zili pa intaneti. Munthu wodziwa kukonza wailesi akhoza kuzitsatira. Gawo lomwe limafuna dzanja lodekha ndi koyilo. Wopanga amajambula mzere wozungulira wa masentimita 20 m'mimba mwake pa thabwa, n'kukhoma misomali motsatira mzerewo. Amatenga waya wa kopa wokutidwa ndi vanishi, wonenepa pafupifupi theka la milimita, n'kuuzunguliza pamisomaliyo maulendo 25 kapena kuyandikira pamenepo, molingana ndi chithunzi chomwe akutsatira. Akatha amamanga mtolo wa wayawo ndi ulusi m'malo ambiri kuti usagwedere, kenako amazula misomali yonse. Waya wochotsedwa m'mota yakutha umagwira ntchito, bola vanishi yake ikhale yosasupuka. Ikasupuka, mizere iwiri imakhudzana ndipo koyilo imafa.

Kukula kwa koyilo kuli ndi phindu ndi mtengo wake. Yaikulu imafika pansi koma imaphonya tinthu tating'ono monga ndolo, ndipo yaing'ono imamva tinthuto koma pafupi pokha. Kuzungulira koyilo sipafunika chitsulo chilichonse, ngakhale kasikuluwu. Ndodo imakhala ya paipi yapulasitiki kapena ya mtengo, ndipo zomangira zimakhala za pulasitiki.

Zamagetsi zimalumikizidwa ndi mtovu pa kabolodi, ndipo zambiri mwa izo zimapezeka kwa okonza mawailesi ndi mafoni. Kuyesa kumayambira m'mwamba, poyendetsa kobiri kutsogolo kwa koyilo, kenako mumchenga, pokwirira makobiri pa kuya kodziwika. Ditekita yopangidwa bwino imamva kobiri pa masentimita 15 mpaka 25, ndipo chinthu chachikulu monga nangula imachimva patali kuposa pamenepo. Mphamvu yake imachepa msangamsanga mtunda ukamatalika. Choncho wogulitsa amene akunena kuti kachipangizo kake ka m'manja kamaloza golide wokwiririka patali mamita ambirimbiri akungofuna ndalama za wogula.

Kutsekera madzi

Makina ogwira bwino ntchito pamtunda akhoza kufa tsiku loyamba m'nyanja. Madzi amakankha mwamphamvu munthu akamatsika: pa mamita 10 mphamvu yopanikiza bokosi imakhala yowirikiza kawiri ya pamtunda, ndipo pa mamita 20 imawirikiza katatu. Chivindikiro chomwe chimapirira mvula chikhoza kulowetsa madzi pa mamita atatu okha. Pali kusiyana pakati pa ditekita ya pagombe, imene koyilo yokha ndiyo imalowa m'madzi bokosi lili paphewa, ndi ya pansi pa madzi, imene imamira yonse.

Koyilo imatsekedwa kotheratu. Amaiika m'chikombole chapulasitiki n'kuthiramo guluu wa epoxy pang'onopang'ono kuti musatsale thovu, popeza thovu ndi mphako imene madzi amadzapezamo njira. Ena amaipinda m'kapaipi kofewa n'kudzazamo guluu yemweyo. Koyilo yopepuka kwambiri imayandama ndipo imatopetsa mkono, choncho kulemera kwa guluuyo kumathandiza kuti ikhazikike pansi.

Bokosi lodalirika ndi chidutswa cha paipi ya PVC yokhuthala, chifukwa chinthu chozungulira chimapirira kupanikizika kuposa cha makona anayi. Mbali imodzi amaimata ndi guluu wa mapaipi mpaka kalekale. Mbali inayo, yosinthira batire, imakhala ndi chivindikiro cha mazinga ndi kalabala kozungulira kotchedwa O-ring. Kalabalako amakapaka girizi wa silikoni, osati mafuta odzola, omwe amafewetsa mitundu ina ya labala. Tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi pa kalabalako n'kokwanira kulowetsa madzi.

Malo ofooka kuposa onse ndi polowera waya wochokera kukoyilo. Madzi amatha kudutsa m'mbali mwa wayayo, amathanso kuyenda mkati mwa chikopa chake ngati chang'ambika penapake. Pamenepa pamaikidwa chomangira chapulasitiki chofinya wayayo, ndipo mkati amathiramo epoxy kuzungulira nsonga zosendedwa. Silikoni yonunkha ngati viniga ikamauma siyenera kuyandikira zamagetsi, chifukwa imadya kopa.

Bowo lililonse ndi khomo la madzi, choncho opanga odziwa amachepetsa mabowo. M'malo mwa swichi wamba amaika mkati kaswichi ka galasi kamene kamalumikiza magetsi maginito akayandikira kunja kwa paipi. M'malo mwa mahedifoni wamba amagwiritsa ntchito tosokosera tophwatalala tomatidwa ndi guluu, kagetsi koonekera pa zenera lapulasitiki, kapena kamota konjenjemeretsa foni kamene dzanja limakamva. Chinyezi chimachokeranso mkati momwe. Bokosi lotsekedwa pagombe lotentha likalowa m'madzi ozizira, mpweya wa mkatimo umachita mame pa kabolodi. Timapaketi toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato timathetsa vutoli.

Bokosi amaliyesa lisanalandire zamagetsi. Amaikamo pepala lofewa louma, kulitseka, kulimangirira mwala ndi chingwe, n'kulimiza kwa ola limodzi kapena awiri pa kuya koposa pomwe lizikagwira ntchito. Pepala likatuluka ndi dontho, ntchito imayambiranso. Mabatire a lithium ochotsedwa m'malaputopu akale amafuna chisamaliro chapadera, chifukwa akanyowa kapena kuphwanyika amatha kutentha mpaka kuyaka.

Madzi ndi mchenga wa kuno

Malangizo ambiri a zopangapanga zimenezi analembedwera magombe a nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ndi yosiyana. Madzi ake amadutsitsa magetsi mochepa pafupifupi maulendo 200 poyerekeza ndi a m'nyanja ya mchere, motero makina a VLF savutika nawo kwenikweni, ndipo zomangira sizichita dzimbiri msanga. Chovuta cha kuno ndi mchenga wakuda. M'magombe ena, makamaka cha ku Chipoka ndi ku Makanjira, muli mchenga wolemera wa mtapo wa chitsulo ndi titaniyamu. Kuuzindikira n'kosavuta: maginito akayendetsedwa pamchenga wouma, timchenga takuda timamatirira. Pamalo otere makina amalira popanda kanthu, ndipo PI ndiyo imachitako bwino. Zotsalira za m'ng'anjo zakale nazonso zimaliza makina. Wosadziwa amaziponya kumbali ngati miyala wamba, chikhalirecho ndi umboni woti pamalopo panali osula.

Zoopsa zazikulu si za magetsi a batire. Pamathiriro a Bua ndi m'mabango muli ng'ona ndi mvuu, ndipo munthu wowerama, makutu ali m'mahedifoni, saona kapena kumva chomwe chikubwera. Madzi odikha a m'mabango ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mwera ukawomba, mafunde amavundula mchenga ndipo amatha kugwetsa munthu. Nthawi yabwino ndi m'mawa wa chilimwe, madzi atatsika ndi kuyera, ndipo munthu sapita yekha. Mtsinjewu ndi njiranso ya mpasa ndi sanjika zikamakwera kukaswana, ndipo gawo lake lina lili m'nkhalango yotetezedwa, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira mogwirizana ndi boma kuyambira 2015. Kumeneko munthu salowa kapena kukumba popanda chilolezo.

Lamulo ndi phindu la chopezeka

Nthambi ya boma yoona zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo lero ntchitoyo ili m'manja mwa nthambi ya nyumba zosungira mbiri ndi zipilala. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limateteza malo ndi zinthu zakale. Kufukula pofuna zinthu zotere kumafuna chilolezo, wopeza amayenera kudziwitsa boma, ndipo kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Kusaka golide ndi miyala ina kuli ndi lamulo lakelake la migodi. Pangano la UNESCO la 2001 limawerengera zinthu zomwe zakhala m'madzi zaka 100 kapena kuposerapo ngati chuma cha mbiri choyenera kutetezedwa. Mu 2011 Malawi inaika njira za akapolo ndi za Livingstone, kuphatikizapo Nkhotakota, pa mndandanda wa malo omwe ikufuna kuti adzazindikiridwe ndi UNESCO.

Chifukwa cha malamulowa n'chomveka. Msomali wa chombo ukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha umabweretsa ndalama yosakwanira kugula mulu wa usipa. Msomali womwewo ukapezeka pamalo pake, pamodzi ndi inzake ndi matabwa omwe unkagwira, umauza akatswiri kukula kwa chombo, kakhomedwe kake, ndi pomwe panali doko. Ukazulidwa, zonsezo zimatayika ndipo sizibwereranso. Chitsulo chomwe chakhala m'madzi nthawi yaitali chimawonongekanso msanga chikauma padzuwa, n'kuyamba kufumfuka ndi kusweka.

Ditekita ili ndi ntchito zambiri zopanda vuto pagombe la Bua: kupezera msodzi nangula kapena chipangizo cha injini chomwe chagwa, kubwezera mlendo mphete yake, ndi kuchotsa mbedza ndi mawaya posambira ana. Koma makina akalira pa chinthu chooneka chakale, monga unyolo, chibangili chamkuwa, chidutswa cha mfuti kapena mulu wa zotsalira za m'ng'anjo, wopezayo achisiye pomwepo, achijambule, alembe malo ake, ndipo adziwitse mfumu ya m'deralo ndi ofesi ya DC ku Nkhotakota kuti uthenga ufike kwa akatswiri. Chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu sichikhudzidwa n'komwe. Nkhani yake ndi ya apolisi.